Mtukula Pakhomo ndi okalamba a ku Mchinji: chithandizo chabwino chimene sichifikira onse

Pa zithandizo zonse zimene boma ndi mabungwe akhala akubweretsa m'midzi ya kuno ku Mchinji, Mtukula Pakhomo ndi chimodzi mwa zochepa zimene ndingaziyamikire ndi mtima wonse, ngakhale kuti pali zina zikuluzikulu zimene sizindisangalatsa ndipo sindizibisa. Ndondomekoyi ndakhala ndikuiona kuchokera kumbali ya olandira, chifukwa azakhali anga, amene amuna awo anamwalira kalekale ndipo akulera zidzukulu, ali m'kaundula wa olandira, ndipo kawirikawiri ndine ndimawaperekeza kokatapa ndalamazo. Chimene ndikufuna kuunika ndi chakuti chithandizochi chimamuchitira chiyani munthu wokalamba, munthu amene khasu layamba kumulemera, amene ganyu sangamupezenso ndipo sanagwirepo ntchito ya pa tikiti yoti n'kumupatsa penshoni.

Ambiri sadziwa kuti ndondomekoyi inabadwira kuno. M'chaka cha 2006 boma, mothandizana ndi bungwe la UNICEF, linasankha Mchinji kuti liyeserepo kupereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, ndipo ndalama zoyambira zinachokera ku Global Fund kudzera ku National AIDS Commission, popeza inali nthawi imene Edzi inali itatenga makolo ambiri n'kusiya ana amasiye m'manja mwa agogo awo. Nzeruyi inatengedwa kwa anansi athu a ku Zambia, amene anali atayamba kale kuyesa zofananazo m'boma la Kalomo. Pa nthawiyo banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pa mwezi, la anthu awiri K1,000, la atatu K1,400, ndipo la anthu anayi kapena kuposerapo K1,800. Pamwamba pa izi ankawonjezera K200 pa mwana aliyense wa ku pulayimale ndi K400 pa mwana wa ku sekondale. Zimene zinayambira m'midzi yathu zinafalikira pang'onopang'ono mpaka mu 2018 zinali zitafika m'maboma onse 28, mothandizidwa ndi dziko la Germany, European Union, Ireland ndi World Bank, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 mabanja olandira anali pafupifupi 300,000.

Ubwino waukulu wa chithandizochi ndi wakuti amapereka ndalama m'manja ndipo salamula kuti ugule chiyani. Amene sanakhalepo pafupi ndi munthu wokalamba wosauka angaone ngati nkhani yaing'ono, koma ndi pamene pagona mphamvu yake yonse. Thandizo la ufa limathetsa njala ya sabata zingapo, makuponi a feteleza amathandiza munthu amene ali ndi mphamvu zolima komanso ndalama yowonjezerapo, koma nkhalamba imasowa tizinthu tambirimbiri timene palibe bungwe lingatilembe pa pepala. Azakhali akatapa ndalama amazigawa pomwepo tisanachoke pa msika. Zina amamanga pa ngodya imodzi ya chitenje, ndipo zimenezo ndi za chimanga ndi chigayo. Zina amamanga pa ngodya inayo, za sopo, mchere, machesi ndi makope a ana. Kenako pamakhala kandalama kamene amakapinda kangapo n'kukalowetsa m'kathumba ka pulasitiki kamene kale munali shuga, ndipo ako ndi ka banki mkhonde. Mwa njira imeneyi anagula mbuzi yaikazi, mbuziyo inaswa, ndipo chaka chimene denga la nyumba yawo linayamba kudontha anagulitsa mwana wa mbuziyo n'kulipira anyamata omweta udzu ndi kufolera.

Palinso china chimene sichioneka m'malipoti koma ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa mbuzi. Munthu wokalamba amene alibe kalikonse amayamba kudzipatula yekha. Pa maliro amachita manyazi chifukwa alibe chipepeso, kutchalitchi amakhala kumbuyo chifukwa alibe chopereka, ndipo pa chinkhoswe cha mdzukulu amangokhala phee anzake akufupa. Tsiku lina tikuchokera kotapa ndalama, azakhali anandiuza kuti, “Mwana wanga, masiku ano ndikapita kukapempha moto kwa anzanga sandiyang'ananso ngati ndabwera kudzapempha ufa.” Mawu amenewa akunena zoona za anthu ambiri. Ngakhale wa golosale amamukongoza munthu amene akudziwa kuti ali ndi tsiku lolandira, ndipo mwana wa mnansi amavomera kukatunga madzi ku mjigo akadziwa kuti agogo amupatsa kangachepe. Ofufuza a ku Boston University pamodzi ndi a Centre for Social Research ya ku Zomba atayendera mabanja oyambirira a kuno mu 2007 ndi 2008 anapeza zimene ife timaziona ndi maso: mabanja olandira ankadya kangapo pa tsiku, ankagula nkhuku ndi mbuzi, ndipo ana awo ankajomba mochepa kusukulu. Kafukufuku wina amene anachitika pambuyo pake ku Salima ndi ku Mangochi anapezanso zofanana nazo. Nkhani yakuti anthu osauka akapatsidwa ndalama amathera ku kachasu imakambidwa kwambiri pa mabawo, koma si zimene ndaona pa makomo a agogo olera ana amasiye.

Vuto lalikulu lili pa kasankhidwe ka olandira, ndipo apa ndi pamene ndichedwepo. Kuti banja lilowe m'ndondomekoyi liyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri pa nthawi imodzi. Liyenera kukhala lovutikitsitsa, ndiponso liyenera kukhala lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, kutanthauza kuti mulibe munthu wa zaka zapakati pa 19 ndi 64 amene ali wathanzi, kapena ngati alipo, ndiye kuti akusamala anthu oposa atatu. Kuwonjezera apo, kwa zaka zambiri malire akhala akuti mabanja 10 okha mwa 100 aliwonse ndi amene alandire. Tsono kafukufuku wa ofesi ya National Statistical Office wa 2019 mpaka 2020 anaonetsa kuti Amalawi oposa pang'ono theka ndi osauka, ndipo mmodzi mwa asanu aliwonse ali pa umphawi wadzaoneni, woti ngakhale chakudya chokwanira sachipeza. Zikatere, m'mudzi mmene muli makomo ambiri ovutika mofanana, ena ayenera kutsala basi, ndipo kusiyana kwa amene walowa ndi amene watsala nthawi zina kumakhala kochepa kwambiri moti munthu wa m'mudzimo sangakuone.

Pafupi ndi kwa azakhali pali agogo ena aamuna amene zaka zawo n'zoposa za azakhali, maso awo sakuonanso bwino ndipo amayenda ndi ndodo. Iwowa sali m'kaundula chifukwa pakhomo pawo panalembedwa mwana wawo wamwamuna, amene pa pepala ndi munthu wamphamvu. Zoona zake n'zakuti mwanayo amakhalitsa kutsidya kwa malire, m'minda ya ku Chipata kumene amagwira ganyu, ndipo akabwera amabwera chimanjamanja. Lamulo limawerenga manja amene ali pakhomo, koma silifunsa ngati manjawo amadyetsadi nkhalambayo. Nyengo ya njala, mu Januwale ndi Febuluwale, agogowa amakapempha madeya kuchigayo, ndipo azakhali ndi amene amawapatulirako nsima kuchokera pa zomwe iwonso zisakuwakwanira. Nkhani yotereyi si ya m'mudzi mwathu mokha. Aliyense amene ali ndi kwawo ku Mkanda, ku Kapiri, ku Waliranji kapena ku Kamwendo angatchule nkhalamba imene aliyense akudziwa kuti ikuvutika koma dzina lake silinatuluke.

Kusankha kotereku kumabalanso nsanje, ndipo nsanje ikagwera munthu wokalamba imakhala yoopsa. Amene watsala amaganiza kuti komiti ya m'mudzi yosankha olandira inakondera kapena amfumu analowetsa abale awo, ngakhale pamene a komiti anangotsata zimene anauzidwa. Amene walandira amayamba kunenedwa. M'dziko muno nkhalamba zambiri zamenyedwa, zawotcheredwa nyumba ndipo zina zaphedwa chifukwa chonamiziridwa ufiti, ngakhale kuti lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mabungwe omenyera ufulu wa okalamba monga MANEPO akhala akudandaula za izi chaka ndi chaka. Makolo athu ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ndondomeko imene imapatsa gogo mmodzi n'kusiya gogo mnzake wa khomo loyandikana imatha kuyatsa moto pa anthu omwewo amene anayenera kuuzimitsa. Sindikunena kuti Mtukula Pakhomo ndi amene anabweretsa nkhanzazi, chifukwa zinalipo kale, koma ndikunena kuti kasankhidwe kosamveka bwino kwa anthu wamba kamawonjezera mikangano imene ikanapeweka.

Pali gulu lina la okalamba limene limandikhudza kwambiri, ndipo silikambidwa kawirikawiri. Kuno ku Mchinji, monganso ku Kasungu, kuli anthu amene anabwera zaka zambiri zapitazo kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe kapena ku Machinga kudzagwira ntchito ya utenanti m'maesiteti a fodya. Ambiri mwa iwo ndi Alomwe ndi Ayao amene kwawo malo olima anali atachepa. Analima fodya wa eni ake unyamata wawo wonse, akudya chimanga cha ngongole chimene chinkadulidwa pa malipiro akagulitsa fodya, ndipo ena ankatsiriza chaka ali ndi ngongole m'malo mwa phindu. Lero akalamba. Munda wawowawo alibe, chifukwa malo kuno amayendera mbumba, ndipo kwawo kumene anachokera anachokako kale kwambiri moti owadziwa anatha. Mchewa kapena Mngoni wokalamba, ngakhale asauke chotani, amakhala ndi kamunda ka makolo ndi abale omuikira kumbuyo pa bwalo la amfumu. Wobwera amakhala pa malo obwereka, ndipo mawu ake samveka kutali pa tsiku lolemba mayina. Ndondomekoyi siyang'ana mtundu wa munthu, ndipo zimenezo n'zoyamikirika, koma umphawi wa ukalamba umatsata mbiri ya munthu, ndipo mbiriyo nthawi zambiri imayendera limodzi ndi kumene anachokera.

Zimenezi sizichitika kuno kokha. Ku America, dziko lolemera kwambiri, mu 1959 okalamba 35 mwa 100 aliwonse anali osauka, ndipo lero chiwerengerocho chatsika kufika pafupifupi 10 mwa 100, makamaka chifukwa cha penshoni ya boma yotchedwa Social Security imene inakhazikitsidwa mu 1935. Komabe okalamba akuda ndi a mtundu wa Hispanic (ochokera kumayiko olankhula Chisipanishi) amapezeka pa umphawi pafupifupi kawiri kuposa azungu anzawo. Chifukwa chake chili m'mbuyo, m'zaka zimene ankagwira ntchito: malipiro ochepa, ntchito zopanda penshoni ya kampani, ndi kusowa nyumba yawoyawo. Ndipo pamene lamulo la 1935 linkayamba, linasiya kunja antchito a m'minda ndi a m'nyumba, ntchito zimene anthu akuda ambiri ankagwira, mpaka anadzawalowetsa m'zaka za m'ma 1950. Munthu akamva zimenezi sangalephere kuganiza za matenanti athu. Ku South Africa kusiyanaku kunalembedwa m'malamulo enieni. Penshoni ya okalamba inayamba mu 1928 koma anthu akuda sanali nawo, anawalowetsa mu 1944 pa ndalama yochepa kuposa ya azungu, ndipo ndalamazo zinadzafanana mu 1993. Kuchokera nthawi imeneyo penshoni ya gogo yakhala mzati wa mabanja ambiri akumidzi m'dzikolo, kudyetsa ana ndi zidzukulu zomwe.

Chimene ndaphunzirapo pa zitsanzo za kunjazi n'chakuti kulemera kwa dziko pakokha sikuteteza okalamba. South Korea ndi dziko la mafakitale akuluakulu, koma okalamba ake pafupifupi 40 mwa 100 amawerengedwa kuti ndi osauka, chiwerengero chokwera kwambiri pakati pa mayiko olemera a m'bungwe la OECD, kumene pakatikati pake ndi pafupifupi 14 mwa 100. Penshoni ya dziko lonse kumeneko inayamba mochedwa, mu 1988, choncho ambiri amene ali okalamba lero sanasonkhe zaka zokwanira, ndipo ana amene ankayembekezeka kuwasamala anasamukira m'mizinda n'kuyamba moyo wina. M'misewu ya ku Seoul mumapezeka nkhalamba zikutolera makatoni kuti zikagulitse. Ku Denmark, kumene munthu amalandira penshoni ya boma chifukwa chakuti wakhala m'dzikomo ndipo wafika msinkhu, okalamba osauka sakwana 5 mwa 100. Tiyenera kudziwa kuti miyezo yake ndi yosiyana ndi yathu. M'mayiko olemera munthu amatchedwa wosauka ngati amapeza zosakwana theka la zimene munthu wapakatikati m'dzikomo amapeza, pamene kuno tikunena za kusowa chakudya chenicheni. Pa muyezo wa madola 2.15 pa tsiku umene World Bank inkagwiritsa ntchito mpaka 2025, Amalawi pafupifupi 7 mwa 10 anali pansi pake. Koma ngakhale miyezo isiyane, zinthu zina zimafanana kulikonse: amayi okalamba amavutika kuposa abambo chifukwa amakhala zaka zambiri ali amasiye ndipo ntchito zimene anagwira moyo wawo wonse sizinalipidwe, ndipo umphawi umatsika kwambiri kumene penshoni imafikira aliyense.

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO limanena kuti padziko lonse okalamba pafupifupi anayi mwa asanu amalandira penshoni ya mtundu wina uliwonse, koma m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa asanu. Kuno kwathu, chiyambire 2011, lamulo limakakamiza olemba ntchito kusonkhera antchito awo penshoni, bwana 10 pa 100 ndipo wantchito 5 pa 100 ya malipiro, koma lamulolo limathandiza aphunzitsi, anamwino, akalaliki ndi ogwira ntchito m'makampani. Mlimi wa mtedza ndi soya wa kwa Mlonyeni kapena kwa Mavwere, mayi wogulitsa tomato pa msika wa pa Boma, wakabaza wa pa chipata cha Mwami, onsewa adzakalamba opanda kanthu kolembedwa m'dzina lawo. Ndiye chifukwa chake Mtukula Pakhomo wasanduka ngati penshoni ya akumudzi, ntchito imene sanapangidwire. Iye anapangidwa kuti athandize banja lovutikitsitsa, ndipo wokalamba amalowamo ngati banja lake lakwanira pa muyezo, osati chifukwa cha ukalamba wake.

Mayiko ena a mu Africa amene si olemera kwenikweni anasankha njira ina. Botswana inayamba mu 1996 kupereka ndalama kwa aliyense wa zaka 65 kupita m'tsogolo, Lesotho inayamba mu 2004 kwa a zaka 70, Zanzibar mu 2016 ndi Kenya mu 2018 nawonso kwa a zaka 70, ndipo Namibia imapereka kwa a zaka 60. Ngakhale pafupi pompano, ku Katete m'dziko la Zambia, anayesapo kupereka ndalama kwa okalamba potengera zaka zokha. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti ndi yomveka kwa aliyense. Chiphaso cha unzika chikaonetsa kuti munthu wafika zaka zimenezo, nkhani yatha, palibe komiti yoti n'kuinena kuti yakondera ndipo palibe gogo woti n'kuchitira mnzake nsanje. Ena amati dziko lathu silingakwanitse, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka popeza bajeti yathu imadalira ngongole ndi thandizo lakunja. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi 5 okha mwa 100, ndipo a zaka 70 ndi ochepa kuposa apo. Kuyambira pa zaka 70, monga anachitira a ku Lesotho, si chinthu choti n'kuchitaya osachiwerengera bwinobwino.

Za kuchuluka kwa ndalama sindichulukitsa mawu, chifukwa aliyense wogula pa msika akudziwa. Ndalamazi zakwezedwa kangapo chiyambire 2006, koma nthawi zonse zimatsalira m'mbuyo mwa mitengo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya chimanga, sopo, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera nthawi yomweyo osadikira kuti wina akhale pansi kukambirana za olandira. Ndalama imene kale inkagula chimanga n'kutsalako ya ndiwo, m'miyezi ya njala imathera pa chimanga chokha. Kukanakhala bwino ndalamazi zikanamaunikidwa chaka chilichonse potengera mtengo wa chimanga, popeza ndicho chimadya gawo lalikulu la ndalama ya munthu wosauka.

Kalandiridwe kake kali ndi ubwino ndi zovuta zake. Kale olandira ankasonkhana pa sukulu kapena pa bwalo n'kudikira galimoto tsiku lonse padzuwa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti lero agogo akuti ali ndi ndalama. Kulandirira pa foni kwachepetsa zimenezi, chifukwa ndalama zimalowa mwakachetechete ndipo munthu amatha kutapa pang'ono n'kusiya zina. Koma njira imeneyi inapangidwira munthu wodziwa kuwerenga, woona bwino ndiponso wokumbukira nambala yachinsinsi. Azakhali sawerenga. Foni yawo amaikulunga m'kansalu n'kuibisa, amakaitchajitsa pa msika polipira, ndipo uthenga ukalowa amadikira mdzukulu abwere kusukulu kuti awawerengere. Nambala yachinsinsi, imene amati usauze munthu, nkhalamba zambiri zimachita kuilembetsa pa kapepala n'kumupatsa ajenti kuti adine yekha, ndipo apa ndi pamene ena amaberedwa, nthawi zina ndi zidzukulu zawo zomwe.

Tsiku lina tinafika pa kabenchi ka ajenti wina titakwera kabaza mtunda wautali, ndipo pamzere panali agogo angapo amene anabwera wapansi m'mamawa. Mnyamatayo anatapitsa anthu ochepa, kenako anati, “Agogo, pepani kashi yatha, mubwerenso mawa.” Sanachite mwano, ndipo ndikukhulupirira kuti ndalama zinamutheradi, chifukwa olandira onse a dera limodzi amabwera tsiku limodzi. Koma kwa munthu wa miyendo yotupa, mawa limatanthauza kulipiranso kabaza kupita ndi kubwera, ndipo ndalama ya kabazayo ikuchoka pa ndalama yomweyo ya chimanga. Ajenti wina wapafupi anavomera kutapitsa pokhapokha agogowo atagula kaye katundu mu golosale yake. Mchitidwe umenewu ndi wolakwika, ndipo umapitirira chifukwa okalamba saona kokadandaula ndiponso amaopa kuti akalankhula dzina lawo lifufutidwa. Amene amayendetsa ntchito yolipirayi akanamaonetsetsa kuti ma ajenti a kumidzi ali ndi ndalama zokwanira pa masiku olandira, komanso kuti pa malo otapira pakhale munthu wa komiti wothandiza osadziwa kuwerenga, mavuto ambiri akanatha popanda kuwononga ndalama zochuluka.

A komiti za m'midzi ndiwayamikire, chifukwa ntchito yawo ndi yongodzipereka ndipo ndi iwo amene amalandira mkwiyo wa onse otsala. Amene ndakumana nawo amayenda wapansi kapena pa njinga kukadziwitsa agogo za tsiku la msonkhano, amathandiza kukonza mayina olakwika, ndipo wolandira akamwalira amathandiza kuti ana amasiye otsala asataye chithandizo. Chofooka chawo n'chakuti alibe mphamvu yowonjezera dzina ngakhale aone ndi maso kuti munthu akuvutika. Kaundula amatenga zaka asanaunikidwenso, pamene ukalamba ndi matenda sizidikira. Munthu amene pa nthawi ya kalembera anali ndi mphamvu ndiponso mkazi womusamala, patatha zaka ziwiri akhoza kukhala wamasiye ndi wodwala sitiroko, koma pa pepala akadali momwe analili.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, ndipo boma lanenapo kuti likufuna kuwonjezera chiwerengero cha olandira Mtukula Pakhomo. Zonsezi ndi zolimbikitsa, koma kwa ine muyezo wake ndi wakuti agogo aamuna aja amene mwana wawo ali ku Chipata adzalandira liti. Maganizo anga ndi akuti Mtukula Pakhomo apitirire ndipo akulitsidwe, chifukwa pa ntchito imene anapangidwira akuichita bwino, koma pambali pake pakhale penshoni ya okalamba yotengera zaka, yoperekedwa kwa munthu payekha osati kwa banja, kuti mpongozi kapena mwana woledzera asakhale chifukwa chomanira nkhalamba. Ndipo gawo la ndalama zochokera m'thumba la boma lathu likule, popeza ndondomeko yodalira kwambiri mayiko akunja imagwedezeka nthawi iliyonse eni ndalamawo akasintha maganizo.

Kwa amene muli ndi kholo kapena gogo kumudzi, pali zinthu zimene mungachite panopa. Onetsetsani kuti ali ndi chiphaso cha unzika ndipo dzina ndi chaka chobadwa zinalembedwa molondola, chifukwa okalamba ambiri zaka zawo zinangoyerekezedwa pa nthawi yolembetsa ndipo ena anachepetseredwa. Kalembera wa mabanja akamachitika, pakhale munthu wamkulu pakhomo wofotokoza zoona za amene amagonadi pamenepo ndi amene anachoka, popeza agogo ambiri chifukwa cha ulemu amatchula ana awo onse ngati akadali pakhomo, osadziwa kuti akudzichotsa okha m'kaundula. Ngati akulandira kale, simu khadi ikhale m'dzina lawo, nambala yachinsinsi aidziwe munthu mmodzi yekha wodalirika, ndipo pa tsiku lotapa wina awaperekeze n'kuwerenga ndalamazo pamaso pa ajenti asanachoke. Ngati atsala pamene mukuona kuti akuyenera, yambirani kwa a komiti ya m'mudzi, ndipo zikakanika pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa Boma mutatenga chiphaso chawo, mukapemphe kuti dandaulo lanu lilembedwe m'buku.